Magazi amaulula chiyani za chitetezo ku fuluwenza?

Kodi poyeza magazi amafuna kupeza kachilombo ka fuluwenza?

Ayi. Wofuna kudziwa ngati munthu akudwala fuluwenza lero amatenga mamina m'mphuno n'kuwayeza ndi PCR. M'magazi amafufuzamo asilikali amene thupi lapanga, ma antibody, munthu atadwala kapena atabayitsa katemera. Asilikaliwa sachuluka tsiku limodzi, n'chifukwa chake magazi amatengedwa kawiri: poyamba, kenako pakadutsa masabata awiri mpaka anayi. Akachuluka kanayi kapena kuposerapo, ndiye kuti thupi layankha.

Timamva kuti poyezapo amagwiritsa ntchito magazi a nkhukundembo. Amalowamo bwanji?

Mu 1941 George Hirst, wa ku labotale ya Rockefeller ku New York, anaona kuti kachilomboka kamamata maselo ofiira a magazi a nkhuku n'kuwalumikiza pamodzi. Chomatacho ndi puloteni ya kunja kwa kachilombo yotchedwa haemagglutinin, H uja wa mu H1N1 ndi H3N2. Hirst anaonanso kuti magazi a munthu wochira fuluwenza amalepheretsa kumatako. Apa mpamene panabadwira njira yoyeza kulepheretsako yotchedwa HI, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Wa mulabotale amatenga madzi a magazi a munthuyo n'kuwasungunula motsatizana m'mbale yapulasitiki ya timaenje 96: 1:10, 1:20, 1:40, 1:80, mpaka kutsogolo. M'kadzenje kalikonse amathiramo kachilombo kofanana muyeso, kenako maselo ofiira a nkhukundembo kapena mbira. Pamene asilikali agwira kachilombo, maselo amamira n'kupanga kadontho kofiira pansi. Pamene asilikali achepa, maselo amamatana n'kuyalana kadzenje konse. Kadzenje komaliza kokhala ndi kadontho ndiko kamapereka nambala ya munthuyo. Chodabwitsa n'chakuti madzi a magaziwo amayamba atsukidwa ndi enzayimu yochokera ku bakiteriya wa kolera, chifukwa muli zinthu zina zimene zimatsekereza kachilombo ngakhale si asilikali.

Timamva kuti 1:40 ndiye chitetezo. N'zoona?

Pamenepa mpofunika kusamala. Nambalayi inachokera ku kafukufuku wa Hobson ndi anzake ku Britain mu 1972, pamene akuluakulu odzipereka anapatsidwa kachilombo mwadala. Mwa amene anali ndi nambala yoyandikira 1:40, pafupifupi theka anatetezeka. Theka linalo linatenga matendawa. Kafukufuku wina wa mu 2011 anapeza kuti ana aang'ono amafunika kufika pa 1:110 kuti atetezeke pa mlingo womwewo wa theka. Komanso magazi amodzimodzi akatumizidwa ku malabotale awiri, kawirikawiri manambala amasiyana, malinga ndi mtundu wa maselo ofiira ndi diso la wowerenga mbale.

Kwa ine, 1:40 ndi muyeso wabwino woweruzira katemera pa gulu la anthu mazanamazana. Kuuza munthu mmodzi kuti sadwala chifukwa cha nambalayi ndi kumunamiza.

Palibe njira ina yoposa HI?

Ilipo, koma ndi yodula ndipo imatenga masiku. Mu microneutralisation, kachilombo kamoyo kamasakanizidwa ndi madzi a magazi n'kuthiridwa pa maselo a impso za galu otchedwa MDCK, kuti aone ngati kangalowebe n'kuswana. Njirayi inafunika kwambiri kuyambira cha mu 2014, pamene mitundu ina ya H3N2 inayamba kumata maselo ofiira mofooka, moti HI inkalephera kuwerengeka. Palinso ELLA, yoyeza asilikali olimbana ndi neuraminidase, N uja, amene HI sawaona n'komwe.

Ndani amagwiritsa ntchito zotsatirazi, ngati si wodwala?

Makamaka osankha katemera. Fuluwenza imasintha H wake pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo bungwe la WHO, limene lakhala likulondola kachilomboka kuyambira 1952, limakumana mu February posankhira mayiko a kumpoto ndi mu September posankhira a kummwera. Malabotale monga NICD ku Johannesburg amatumiza tizilombo tatsopano ku malikulu ngati Francis Crick Institute ku London. Kumeneko timayesedwa ndi magazi a ferret, kanyama kofanana ndi likongwe kamene kamadwala fuluwenza ngati munthu, komanso ndi magazi a anthu obayitsa katemera. Asilikali opangidwa ndi katemera wakale akamalephera kugwira tizilombo timene tafala, mtundu wakalewo umachotsedwa mu katemera wa nyengo yotsatira n'kuikamo watsopano.