Knock, Kamudzi ka Amphawi

Kuzambwe kwa dziko la Ireland, m'chigawo cha Mayo, kufupi ndi tauni ya Claremorris, kuli kamudzi kotchedwa Knock. Dzinali lichokera ku liwu la eni dziko lakuti Cnoc, ndiko kunena chitunda. Tifuna tikusimbireni mbiri yake, inu makolo ndi ana, pakuti muli phunziro m'menemo.

Anthu a kumeneko anali alimi osauka, olima minda ya eni ake ndi kulipira msonkho wa nthaka. Pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845, mbatata ya kachewere inaola m'minda, ndipo m'Ireland monse munafa anthu ngati miliyoni imodzi. Enanso ambirimbiri anaoloka nyanja osabwereranso. Mu 1879 mbatata inakanikanso, ndipo mabanja anagwidwa ndi mantha aŵiri: njala ndi kupirikitsidwa m'nyumba zawo.

Tsono madzulo a Lachinayi, pa 21 Ogasiti 1879, mvula ili kugwa, anthu a m'mudzimo anaona kuwala pa khoma la kum'mwera la tchalitchi chawo, chimene chinamangidwa mu 1828. Monga anachitira umboni, panaima Maria Virigo Woyera, Yosefe Woyera ndi Yohane Woyera Mlembi wa Uthenga Wabwino. Pambali pawo panali guwa, pa guwapo Mwanawankhosa ndi mtanda. Anaima m'mvula ngati maola aŵiri alikupemphera Korona. Amayi Maria sanalankhule liwu ndi limodzi lomwe.

Eklezia sanathamangire kuvomereza. Chaka chomwecho Arkiepiskopi John MacHale wa ku Tuam anatuma ansembe kukafunsa mboni 15, ana ndi nkhalamba omwe, ndipo anapeza kuti umboni wawo ngokhulupirika. Mu 1936 mboni zotsala zinafunsidwanso, osasintha mawu.

Kuyambira pamenepo kamudzi kaja kanasanduka malo a ulendo woyera. Tchalitchi chachikulu chinatsegulidwa mu 1976. Papa Yohane Paulo II anafikako pa 30 Seputembala 1979, ndipo Papa Fransisko mu 2018. Ndi khama la Bambo Mfumu James Horan, bwalo la ndege linatsegulidwa m'deralo mu 1986.

Ife chimene chitikhudza mtima ndi ichi: amphawi aja sanalonjezedwe chakudya kapena minda, koma anadziŵa kuti sanaiŵalike. Nkhokwe zikapepuka m'nyumba zathu, tisaleke Korona wa madzulo pamodzi ndi ana athu.