Atsibweni akufuna mfuti: kodi lamulo la Malawi likuti chiyani?

Foni inalira 5 koloko m'mawa. Atsibweni anga saimba nthawi imeneyo pokhapokha kumudzi kwagwa zovuta, ndiye ndinadzuka mtima uli phaphapha.

"Ng'ombe zapita," anatero.

Zinali ng'ombe ziwiri zapangolo, zomwe zinkanyamula chimanga, mtedza ndi fodya kupita kumsika wa Mitundu. Akuba anatsegula khola usiku. Mapazi analowera cha kunkhalango ya Dzalanyama, kenako anasowa paudzu.

Loweruka lake ndinakwera minibasi kukawapepesa. Ndinawapeza pakhonde ndi msuweni wanga, akuonera kanema wa pafoni: mzungu wina ku America akugula zinthu m'sitolo, mfuti yaing'ono ili m'chiuno mkati mwa malaya.

"Waona anzathu?" anatero atsibweni. "Pali munthu wandiuza kuti angandipezere mfuti kuchokera kutsidya kwa malire. Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Si ufulu wanga kuteteza chuma changa?"

Ndinawapempha kuti asapereke ndalama kwa aliyense mpaka nditafufuza. Zomwe ndinapeza ndi izi.

Ku America zinayamba bwanji?

Msuweni wanga sananame. Mu 1791 dziko la America linawonjezera ndime m'malamulo ake aakulu, yomwe amaitcha Second Amendment, yoteteza ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, woti asunge mfuti pakhomo podziteteza. Mu June 2022, pa mlandu wa Bruen, khothi lomwelo linathetsa lamulo la ku New York lomwe linkafuna kuti munthu apereke chifukwa chapadera asanapatsidwe chilolezo choyenda ndi mfuti yobisa m'zovala. Lero zigawo zoposa theka za dzikolo zimalola munthu wamkulu kuyenda ndi mfuti yobisa popanda chilolezo n'komwe.

Koma walira mvula walira matope. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka mwa iwo anadziwombera okha. Izi kanema wa pafoni uja sanazionetse. Komanso maiko omwe analemba ufulu wa mfuti m'malamulo awo aakulu ndi owerengeka, monga America, Mexico ndi Guatemala.

Nanga kwathu kuno?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi, omwe tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, amateteza ufulu wokhala ndi moyo pa gawo 16, ndi ufulu wokhala ndi katundu pa gawo 28. Koma mulibe ndime yopatsa munthu ufulu wokhala ndi mfuti. Kuno mfuti ndi chilolezo, ndipo boma likhoza kukupatsa, kukukaniza kapena kukulanda.

Lamulo loyang'anira mfuti, Firearms Act, ndi la mu 1967. Nkhani za ziphaso zili m'manja mwa apolisi, omwe likulu lawo lili ku Area 30 mu Lilongwe. Wofuna mfuti amayenera kupempha chilolezo asanagule, kufotokoza chifukwa chake, ndi kulola kuti mbiri yake ifufuzidwe. Mfutiyo imalembedwa m'kaundula ndi nambala yake, ndipo laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Ndi ya munthu yemwe walembedwayo, si yobwereketsa kwa mlamu kapena mwana. Kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu wokalowa nawo kundende, ngakhale usanawombere ndi kamodzi komwe. Gogodela wa agogo wosungidwa kudenga nayenso ndi mfuti pamaso pa lamulo.

Mfuti za kutsidya

Zoti wina angapeze mfuti kudzera ku Dzalanyama sizinandidabwitse. Nkhalangoyi, yomwe boma la atsamunda linaiteteza mu 1922, yagona m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo njira zapansi ndi zambiri. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inasiya mfuti zochuluka za AK-47 m'manja mwa anthu wamba, ndipo zina zinalowa m'dziko muno. Mu December 1993 asilikali a Malawi analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniyawo anathawira ku Mozambique komweko. N'chifukwa chake maiko a SADC anasainirana pangano lothana ndi kufala kwa mfuti mu August 2001, mumzinda wa Blantyre.

Mfuti yogula m'tchire ilibe risiti, koma ili ndi mbiri. Sudziwa kuti inapha ndani ku Nathenje kapena ku Dedza chaka chatha. Tsiku lomwe idzapezeke pansi pa bedi lako, milandu yake yonse idzafunsidwa kwa iwe.

Zomwe ndinawauza atsibweni

Nditabwerera kumudzi ndinayala zonsezi. Anamvetsera ali chete, kenako anati, "Ndiye ndizingogona akuba akutsegula khola?"

Funsoli ndi lomveka, ndipo sindinafune kuwayankha ngati munthu wa m'tauni yemwe sanawetepo ngakhale mbuzi. Ng'ombe zija zinali fizi ya ana awiri ndi feteleza wa chaka chino. Ndinangowafunsa kuti, "Atsibweni, mfutiyo muzikaisunga pati?"

Nyumba yawo ndi ya zipinda zitatu, ndipo mumagona adzukulu anayi. Msuweni wanga amabwera usiku kuchokera kokaonera mpira, amadutsa kuseri kwa khola lomwelo. Azakhali, omwe anali chete nthawi yonseyi akusankha nyemba, anangoti, "Mumdima mudzamudziwa bwanji mwana wanu?"

Palibe anayankha.

Ndinawafotokozera kuti ngati akufunadi mfuti, njira ndi imodzi: apite kupolisi akafunse za chilolezo, mwina apatsidwa, mwina ayi. Ndinawauzanso kuti lamulo limalola munthu kudziteteza, koma ndi mphamvu yolingana ndi chiopsezo. Kuwombera munthu yemwe akuthawa ndi ng'ombe kukhoza kusanduka mlandu wakupha.

Ndalama zomwe anasonkhanitsa za mfuti zija anagulira loko, unyolo, tochi yasola ndi mawenzulo anayi. Khola analisunthira pafupi ndi zenera lakuchipinda. Amfumu anaitanitsa msonkhano, ndipo amuna a m'mudzimo tsopano amalondera mosinthana, mogwirizana ndi apolisi a m'madera. Achinyamata anatsegula gulu la pa WhatsApp loti azichenjezana wina akaona ng'ombe zikuyendetsedwa usiku.

Ng'ombe zija sizinapezeke mpaka lero. Atsibweni akusunga ndalama zogulira zina, ndipo munthu wa mfuti uja akaimba, foni amangoiyang'ana mpaka idule yokha.