Kusiyanitsa ndudu ndi fodya wamakono pa chipata cha Biriwiri

Ntchito yoika fodya m'magulu pofuna kudula msonkho woyenera tsopano ikufuna diso lakuthwa pa zipata za m'malire monga cha Biriwiri m'boma la Ntcheu, kutsatira kubwera kwa mitundu ina ya fodya yomwe sayatsa ndi moto, pomwe ina ilibe n'komwe tsamba la fodya.

Chipatachi chili m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe dziko la Malawi lachita malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique. Alimi a mbali zonse ziwiri amalima fodya, choncho tsamba la fodya si lachilendo kwa ogwira ntchito pamalopa. Zachilendo ndi timachubu ta batire, timabotolo ta madzi onunkhira ndi timatumba toika m'kamwa, zomwe zonse zimapereka chikonga chotchedwa nikotini.

Ofesala wa bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2000, sadula msonkho potengera dzina lolembedwa pa paketi. Iye amayamba wapeza nambala ya katunduyo m'buku la misonkho, lomwe limatsatira ndondomeko ya Harmonized System.

Ndondomekoyi, yomwe amaifupikitsa kuti HS, inayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la World Customs Organization lomwe likulu lake lili ku Brussels. Manambala 6 oyambirira a katundu aliyense amafanana m'maiko onse otsatira ndondomekoyi, kotero ndudu yowerengedwa ku Biriwiri imadziwika ndi nambala yomweyo ku Tete ngakhale ku Durban.

Fodya ali m'chaputala 24, ndipo mafunso atatu ndi omwe amathandiza kupeza gulu lake.

Funso loyamba ndi lakuti kodi fodyayo akadali tsamba losakonzedwa. Ngati ndi choncho, ali m'gulu 24.01. Tsamba lomwe likadali ndi mtsempha wake wapakati, ngati la m'mabelo opita ku okushoni ya Kanengo kapena Limbe, nambala yake ndi 2401.10. Lochotsedwa mtsempha ndi 2401.20, pomwe zinyenyeswa ndi zotsalira ndi 2401.30.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi fodya wokonzedwayo amapsa ndi moto pomusuta. Ndudu wamba zokhala ndi fodya zili pa 2402.20, pomwe ndudu zikuluzikulu zokulunga ndi tsamba la fodya zili pa 2402.10. Ndudu zopangidwa ndi masamba ena, zopanda fodya, sizithawa chaputalachi chifukwa nazo zili pa 2402.90. Fodya wodulidwa woika m'kaliwo kapena wopichira yekha ali m'gulu 24.03, momwenso muli fodya wofwenkha ndi wotafuna ngakhale kuti sayatsidwa.

Funso lachitatu ndi lomwe linabwera ndi kusintha kwa HS komwe kunayamba pa 1 January 2022, ndipo limafunsa ngati chinthucho chimalowetsa nikotini m'thupi popanda kupsa. Kusinthaku kunatsegula gulu latsopano la 24.04. Timitengo ta fodya tomwe timangotenthetsedwa m'kachipangizo mpaka kutulutsa nthunzi tili pa 2404.11. Madzi okhala ndi nikotini othira mu ndudu za batire ali pa 2404.12, ndipo ena opanda nikotini ali pa 2404.19. Timatumba ta nikotini toika m'kamwa tili pa 2404.91, pomwe zomata pakhungu zili pa 2404.92.

Malamulo a chaputalachi akuti katundu yemwe angathe kulowa m'gulu 24.04 komanso m'gulu lina la chaputala 24 aikidwe mu 24.04. Motero kamtengo kotenthetsa, ngakhale kaoneke ngati ndudu ndipo kali ndi fodya weniweni, sikawerengedwa ngati ndudu.

Pali malo awiri pomwe ofesala ndi mwini katundu angasemphane mosavuta. Oyamba ndi a chipangizo chosutira. Chipangizo chopanda madzi, chomwe mwini wake amachitchaja n'kumathiramo yekha, chili m'chaputala 85 cha katundu wamagetsi pa 8543.40. Koma chobwera chodzaza kale, chomwe amataya madziwo akatha, chimatsata madzi ake n'kulowa mu 24.04.

Malo achiwiri ndi a mankhwala. Chingamu, mapiritsi ndi zomata pakhungu zokhala ndi nikotini, zothandiza munthu kusiya kusuta, zinachotsedwa m'chaputala 30 cha mankhwala a kuchipatala ndipo zili mu 24.04, ngakhale zitagulidwa m'sitolo yogulitsa mankhwala.

Kulondola kwa nambala n'kofunika chifukwa msonkho wolowetsera katundu, msonkho wapadera wa excise ndi wa VAT amawerengedwa potsatira nambalayo. Katoni ya ndudu za batire zotaya ikalembedwa ngati zipangizo zamagetsi, boma likhoza kulandira msonkho wosayenera, ndipo wamalonda amene walemba zoona amapikisana ndi mnzake amene walipira mosiyana pa katundu yemweyo. Ziwerengero za malonda zomwe boma limagwiritsa ntchito pokonza bajeti zimachokeranso pa manambala omwewa, choncho cholakwika cha pachipata chimakafika mpaka ku Capital Hill.

Komabe nambala ya kasitomu si chiphaso cha zaumoyo. Kuika katundu m'gulu losiyana ndi la ndudu sikutanthauza kuti alibe chiopsezo, chifukwa nikotini amachititsa munthu kulephera kusiya, kaya wamukoka ndi utsi, ndi nthunzi kapena wamuyamwa.

Dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungwe la World Health Organization loletsa kufala kwa kusuta fodya mu 2023. Maiko a m'panganoli anagwirizana ku Geneva mu 2018 kuti fodya wotenthetsa ndi fodya basi, ndipo akhudzidwe ndi mfundo zonse za panganolo. Izi zikutanthauza kuti katundu mmodzi akhoza kusiyana ndi ndudu m'buku la misonkho koma n'kukhala pamodzi ndi ndudu pa nkhani ya kutsatsa malonda ndi machenjezo a pa paketi.

Pachifukwachi, maofesala a misonkho, a zaumoyo, a zamalonda ndi apolisi ogwira ntchito m'malire akuyenera kulemba katunduyu m'mawu ofanana. Mawu akuti fodya kapena zosuta paokha sakwanira pa fomu. Wolowetsa katundu afotokoze ngati muli tsamba la fodya, ngati muli nikotini, ngati chimapsa kapena kungotenthetsedwa, komanso ngati chipangizocho n'chotaya kapena chothiramo.