Bwanji Mtima Umagunda Tikamapita Kuchipatala?

Anzanga achinyamata, za kondomu takambirana kambirimbiri, za kudziletsanso takambirana. Koma pali chinthu china chimene chimatibweza ambiri tisanafike n'komwe pakhomo la dokotala, ndipo m'makalabu athu sitichitchula kawirikawiri. Ndikunena mantha. Ine ndimalangiza achinyamata anzanga kuno ku Senga Bay, ndipo mawu amene ndimawamva kuposa ena onse ndi akuti "ndipita mawa." Mawa likafika, akuti ndalama ya kabaza palibe. Mkuja, akuti ululu wachepa. Ukamufunsa bwinobwino munthuyo, pansi pa zifukwa zonsezi umapezapo mantha basi.

Poyamba tidziwe zimene zimachitika m'thupi. Ubongo ukaganiza kuti kutsogolo kuli zoopsa, thupi limatulutsa michere yotchedwa adrenaline kuti munthu athe kuthawa kapena kudziteteza. Ndiye mtima umagunda mothamanga, m'manja mumatuluka thukuta, kukamwa kumauma, ena mkodzo umawagwira pafupipafupi. Zimachitikanso ukaona ng'ona m'madzi, kapena ukamalowa m'chipinda cha mayeso a Fomu 4. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa ng'ona ndi namwino. Madokotala amazidziwa bwino zimenezi, moti pali anthu amene BP yawo imakwera akangokhala pamaso pa dokotala, koma kunyumba imakhala yabwinobwino. N'chifukwa chake nthawi zina amakuuza kuti ukhale kaye pansi mphindi zingapo, kenako n'kukuyezanso. Enanso amachita chizungulire kapena kukomoka akaona singano kapena magazi. Zimachitika ngakhale kwa anyamata amadzitho amene amakoka chilimira usiku wonse, ndiye osachita nazo manyazi. Ingomuuziratu namwino, adzakukhazika pansi kapena kukugoneka asanakubaye. Ndipo osapita ndi njala.

Mantha ena tinachita kutengera. Makolo athu anaona zaka za m'ma 1990, pamene munthu wa Edzi akagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ankabwerako m'bokosi, chifukwa mankhwala kunalibe. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Ife ambiri tinabadwa mankhwalawa alipo kale, koma tinakulira m'nyumba zimene mawu oti "kuyezetsa" ankanenedwa monong'ona. Onjezanipo mphekesera, monga za anamapopa zimene zinasokoneza anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017, mupeza kuti nkhani yotenga magazi ena amaimva ndi khutu lokayika.

Nanga m'kachipinda koyezera muja mumachitika chiyani kwenikweni? Ndikufuna ndifotokoze, chifukwa chinthu chosachidziwa chimaopsa kawiri. Mphungu amayamba wacheza nawe, kukufunsa mafunso ndi kukulola kufunsa ako. Ukavomera, amakubaya pang'ono kunsonga ya chala n'kutenga kadontho ka magazi, osati botolo ayi. Pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zimakhala zatuluka. Zikaonetsa kuti kachirombo kalipo, amayezanso ndi zipangizo zina kuti atsimikize asanakuuze zomaliza. Zikaonetsa kuti kalibe koma unagonana mosadziteteza posachedwapa, amakupatsa tsiku loti udzabwerenso, chifukwa kachirombo kakangolowa kumene sikaoneka msanga pa zoyezerazi. Ngati singano ndiyo ikukuopsa, funsa za kachipangizo kodziyeza wekha kamene umapukuta nako m'nkhama n'kudikira mphindi 20. Koma dziwa kuti kakaonetsa mizere iwiri uyenerabe kupita kuchipatala kuti akatsimikize.

Kuno kwathu mantha aakulu ndi a maso a anthu. Senga Bay ndi malo aang'ono, wogulitsa mandasi pageti ndi mnansi wako, ndipo pabenchi ungakumane ndi azakhali ako atabwera kusikelo. Sindinama, nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuonedwa kuchipatala si kudziwika chimene wadzera, poti anthu amabwerako ndi malungo, chilonda, dzino, ena kudzangoperekeza. Zimene wanena m'chipinda ndi chinsinsi, ndipo lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula zotsatira za munthu popanda chilolezo chake. Komanso ukakwanitsa zaka 13 ungathe kuyezetsa wekha osabwera ndi kholo. Ngati zikukuvutabe, palibe amene anakumangirira pa chipatala chapafupi. Kwera galimoto upite ku chipatala chachikulu ku Salima boma, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 basi.

Ena amati, "Aise, anamwino amakalipa." Inde, alipo ena amene amayankhula mokhadzula, makamaka mtsikana wa sukulu akafunsa za kulera kapena akabwera ndi matenda opatsirana pogonana. Sindiwaikira kumbuyo, ngakhale ndikudziwa kuti namwino mmodzi amaona mzere wautali patsiku. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata mu 2007, ndiye ukafika funsa ngati pali malo kapena tsiku la achinyamata. Ndipo mu 2018 m'zipatala za boma munayamba kuikidwa a Ombudsman olandira madandaulo a odwala. Ukanyozedwa, kadandaule kumeneko kapena kwa mkulu wa pachipatalapo. Kuthawa chipatala chonse chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi, wolangika ndiwe.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna timvetsetsane, chifukwa matenda ena sadikira kuti mantha athe. Kondomu ikaphulika, kapena munthu akagwiriridwa, pali mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Maola 72 ndi masiku atatu okha. Zikachitika Lachisanu usiku iwe n'kumati "ndipita mawa" mpaka Lachiwiri, mwayi wapita. Chindoko nacho n'chonyenga: kachilonda kake sikapweteka ndipo kamapola kokha, munthu n'kumati ndachira, pamene matenda akuyenda m'magazi. Chinzonono mwa atsikana nthawi zambiri sichionetsa zizindikiro, koma chikakhalitsa chimatha kutseka njira za mazira, mtsikana osadzabereka. Onsewa ndi matenda ochizika. Makapisozi ogula pagolosale amangowabisa, n'kuchititsa kuti tizirombo tipime mankhwala.

Palinso likodzo, limene ife a kunyanja tiyenera kulikamba kwambiri. Timasamba, kuchapa ndi kuwedza m'madzi momwe muli nkhono zimene zimasunga tizirombo take. Mnyamata akaona magazi mumkodzo, kapena mtsikana akamamva kuyabwa, kutuluka chikazi chachilendo ndi kupweteka m'chinena, maganizo amathamangira ku matenda opatsirana pogonana. Ena sanagonanepo ndi munthu, koma amakhala chete poopa kuti dokotala awayesa achiwerewere. Chonsecho mwina ndi likodzo, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amamwedwa tsiku limodzi munthu atadya. Likalekereredwa limachititsa tizilonda m'njira yoberekera, ndipo tizilonda timeneti tingapereke mpata kwa kachirombo ka HIV. Muuze dokotala kuti umasamba m'nyanja, zimamuthandiza kuganiza bwino.

Anzathu amene akumwa ma ARV ali ndi mantha awoawo. Wina akadumphitsa tsiku lokatenga mankhwala, mwina anali ku Mbenji kapena ku Nkhotakota kotsata nsomba, amaopa kubwerera poganiza kuti akamukalipira. Sabata imasanduka miyezi, kachirombo n'kuchulukanso. Bwerera ndithu, kukalipiridwa kwa mphindi ziwiri sikungafanane ndi kugona pamphasa. Ukadziwa kuti uchoka, auziretu azaumoyo, ndipo kabuku kako ka kuchipatala kasamakusiye paulendo, chifukwa ndi kamene kangakuthandize kupeza mankhwala pa chipatala china. Munthu womwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene anali ndi kachirombo, pafupifupi 88 ankadziwa. Otsalawo ndi amene mankhwala sangawafikire, ndipo achinyamata ndi amuna ndi amene ankatsalira kwambiri pa kudziwa.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma sanaletse mnzako kukunyamulira nyali. Pita ndi munthu amene umamukhulupirira, angathe kukudikira panja. Ife alangizi timaperekeza anthu ndipo sitifunsa zotsatira. Lawira m'mawa mzere usanatalike, chifukwa kudikira kumakulitsa maganizo. Ukakhala pabenchi, koka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa motalikirapo ndi pakamwa, mtima umatsika. Lemba papepala zimene zikukuvuta ndi tsiku limene zinayamba, poti mantha amaiwalitsa. Ngati mawu ena akukukanika kutchula, mupatse dokotala pepalalo awerenge yekha. Akakuuza zimene sunamve, nena kuti "Pepani adokotala, bwerezaninso," ndipo usanatuluke funsa dzina la mankhwala, kamwedwe kake ndi tsiku lobweranso.