Kodi Nkhope Ili pa Khoma Panu ndi ya Yani?

Pa nyengo ya Pasaka ndinakachezera banja lina kuno ku Shimabala, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue. Pa khoma panali chithunzi cha munthu wa maso a buluu, kandulo ikuyaka patsinde pake. Kamwana ka m'nyumbamo kanandiuza monyadira kuti amenewo ndiwo Ambuye Yesu. Abale anga, nkhopeyo inali ya Robert Powell, Mngelezi wochita zisudzo.

Bambo ameneyu ndiye anasewera ngati Yesu mu filimu ya Jesus of Nazareth, imene Franco Zeffirelli wa ku Italy anatulutsa mu 1977 ataijambula ku Morocco ndi ku Tunisia. Kutalika kwake ndi maola oposa 6. Powell amalankhula modekha ndipo saphethira kawirikawiri, motero woonera amagwidwa ndi mantha aulemu. Koma Yesu wakeyu amaoneka wapatali, wovuta kumuyandikira.

Mu 1979 munatuluka filimu ya Jesus, yojambulidwa ku Israel, yotsata Mthenga Wabwino wa Luka Woyera. Wosewera wake, Brian Deacon, nayenso Mngelezi, alibe ukatswiri wa Powell, koma amamwetulira, amanyamula ana, amadya ndi anthu wamba. Filimuyi yamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 2,000, ndipo Chinyanja chili pomwepo. Agogo amene sanapite kusukulu amamva okha mawu a Ambuye popanda womasulira. Kwa ine ubwino wake waukulu ndi umenewu.

Yachitatu ndi The Passion of the Christ ya Mel Gibson, ya mu 2004. Jim Caviezel, Mkatolika wa ku America, akuonetsa maola 12 otsiriza a masautso, m'Chiaramu ndi m'Chilatini. Magazi ndi ochuluka zedi. Makolo, muyambe mwaionera nokha musanaitane ana.

Nanga wopambana ndani? Powell amatikumbutsa umulungu wa Khristu, Deacon umunthu wake, Caviezel mtengo wa chipulumutso chathu. Aliyense wagwira nthambi imodzi chabe. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo chimene tili nacho m'manja ndi Mthenga Wabwino womwe. Alembi ake anayi sanatiuze msinkhu wa Yesu, khungu lake kapena maso ake. Tikudziwa kuti anali Myuda wokulira ku Nazarete.

Eklezia saletsa zithunzi. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea, mu 787, unaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini wake. Choopsa n'chakuti mwana wozolowera nkhope ya mzungu yokha angalephere kuzindikira Khristu mwa mkazi wamasiye woyandikana naye, kapena mwa wodwala wosowa womuzonda.

Tsono filimu ikatha musathamangire kukagona. Tsegulani mutu 25 wa Mateyo Woyera, muwerenge ndi ana anu, kenaka muwafunse kuti mawa akakumana ndi Ambuye pakhomo la yani.