Masheya si mbuzi ya pamsika wa Lirangwe

Pamsika wa Lirangwe, mwini mbuzi amagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Masheya a kampani ya private limited sayenda choncho.

Lamulo la makampani la 2013 limati eni masheya a kampani yotere asapose 50, ndipo isamaitane anthu onse kudzagula masheya ake. Pamwamba pa izo, malamulo a kampaniyo kawirikawiri amati wogulitsa ayambe wafunsa anzake am'kampanimo, kapena oyendetsa kampani avomereze kaye. Ine ndimaona kuti n'zoyenera ndithu: abale atatu oyendetsa chigayo ku Chileka sangakondwe kudzuka ali ndi mlendo pakati pawo.

Koma masheya a kampani ya NICO, omwe ali pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ndiwo amagulidwa ndi aliyense.

Musanalandire ndalama ya munthu wofuna kugula masheya anu, werengani kaye malamulo a kampani yanu.