Maso ofiira: mwana akabwezedwa ku mkombaphala amapita kuti?

Chidutsireni mliri wa maso ofiira uja, umene unamveka koyamba ku Karonga mu Febuluwale 2024 utavuta kale ku Tanzania, kenako n'kufalikira m'maboma ambiri m'dziko muno, alezi ambiri a sukulu zamkombaphala m'dera la mfumu yaikulu Malenga Chanzi ku Nkhotakota sachitanso chibwana ndi diso la mwana. Mwana akafika m'mawa zikope zitamatana ndi manthongo, salowa. Amauzidwa kuti abwerere kwawo mpaka diso liyere. Ku madrasa ndi ku pulayimale nakonso zimachitika.

Aleziwa sitingawanene. Ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ana amakhala ochuluka, chipinda chimodzi, makapu a phala ochepa. Mwana mmodzi akabwera ndi matendawa, pomatha sabata theka la kalasi likutikita m'maso. Koma funso limene sindimva likufunsidwa n'lakuti: kwawoko kuli ndani?

Nthawi imene mwanayo akubwezedwa, mayi ake ali kudoko kuyambira m'bandakucha, kudikira mabwato amene achezera panyanja ndi nyali kupha usipa. Akagula, nsombayo iyenera kuyalidwa pathandala dzuwa lisanakwere, apo ayi ivunda ndipo mpamba wonse wapita. Bambo ake, ngati ndi okoka chilimira, angotsika kumene m'bwato, tulo tili m'maso. Makolo ena ali kudambo kuingitsa mbalame mumpunga. Amene ali pantchito yolembedwa pa boma, m'sitolo kapena muofesi, lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limawapatsa masabata anayi pachaka a tchuthi cha matenda cholandira malipiro onse, bola atatha miyezi 12 pantchitopo ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala. Koma tchuthicho n'cha wantchito akadwala mwiniwake. Akadwala mwana, zimangodalira mtima wa abwana. Mayi wa usipa ndiye alibe n'komwe bwana woti akam'dandaulire.

Ndiye mwana uja amasiyidwa kwa agogo, kapena mkulu wake wamkazi wa sitandade 5 amajomba sabata yonse kuti am'lere. Zikakanika, amaberekedwa kumbuyo n'kupita naye kudoko konko, kumene amanyamulidwa ndi anthu ambiri kuposa amene akanam'gwira m'kalasi. Matenda sanatsekeredwe m'nyumba ayi. Angosamutsidwa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu akuluakulu, ena ophunzira ndithu, akukhulupirirabe kuti matendawa amapatsirana poyang'anizana. Mumamva mwana akukalipiridwa kuti asayang'ane anzake, ayang'ane pansi. Mumaona munthu akutembenuza nkhope pamsika koma dzanja akupereka moni, chenje akulandira. Bodza limeneli n'loipa chifukwa limachotsa maganizo a anthu pamalo penipeni pamene matendawa amadzera. Diso siliponya kanthu. Kuwala kumalowa m'diso, sikutulukamo kutanyamula tizilombo.

Njira yake yaikulu ndi manja. Mbali yoyera ya diso ndi mkati mwa zikope zimakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, konyowa, kokhala ndi timitsempha ta magazi tosaoneka bwino. Tizilombo ta mtundu wa vairasi tikafika pamenepo timalowa m'kachikopako n'kuyamba kuswana. Thupi pofuna kulimbana nato limatumiza magazi ambiri, timitsempha tija timatupa, tina timaphulika, ndiye kufiira mukuonako. Diso limayabwa ngati mwalowa mchenga, misozi imangotuluka, ndipo m'misozi imeneyo ndi mmene muli tizilombo tambirimbiri. Mwana wa zaka zinayi simungam'letse kutikita. Akatikita, zala zanyowa. Zalazo zigwira kapu ya phala, zigwira mpira wa mapepala, zigwira tsaya la mnzake. Mnzakeyo posakhalitsa agwira m'maso mwake, monga amachitira mwana aliyense kambirimbiri patsiku. Ulendo watha.

Kunyumba n'kosavuta kuposa pamenepo. Mayi apukuta manthongo a mwana ndi nsonga ya chitenje. Kukatentha, nsonga yomweyo apukutira thukuta kumaso kwawo, kenako apukutira khanda limene lili kumbuyo. Nthawi ya nsima, banja lonse lisamba m'manja m'beseni limodzi, wodwala uja ali pakati. Usiku ana atatu agona pamphasa imodzi, nsalu imodzi kumutu. Ena mwa mavairasi amenewa, monga a gulu la adenovirus, amatha kukhala amoyo masiku angapo pa chinthu chouma, ndipo munthu amatha kuyamba kupatsira ena iye asanaone kuti diso lake lafiira kwenikweni. N'chifukwa chake matendawa amaoneka ngati akulumpha okha kuchoka pa munthu kupita pa wina. Magalasi akuda amene amayenda malonda mliri ukabuka amathandiza wodwala kuti kuwala kusam'pweteke, komanso kuti asatikite pafupipafupi. Koma amene akumuyang'ana, magalasiwo sam'teteza ku chilichonse.

Nkhambakamwa pa matendawa si zachilendo. Mu 1969 mliri waukulu wa maso ofiira unabuka ku Ghana pa nthawi imene anthu a ku America anatera pamwezi ndi chombo cha Apollo 11. Anthu anagwirizanitsa ziwirizi, ndipo mpaka lero kumadzulo kwa Africa matendawa amawatchula kuti Apollo. Patapita zaka zochepa akatswiri anapeza kuti chinayambitsa ndi kachilombo kotchedwa enterovirus 70, koyenda ndi zala zomwezi.

Za mwezi zija sizinachititse munthu khungu. Zathu kuno zimachititsa. Maso ofiira a vairasi amatha okha, kawirikawiri pasanathe masabata awiri, osasiya chilema. Chimene chimaononga maso ndi zimene anthu amathiramo: madzi a mchere, mandimu, sopo, timadzi ta masamba, mkaka wa m'mawere, ndipo choopsa koposa, mkodzo. Ndamvapo anthu akulimbikira kuti mkodzo wa m'mawa ndiwo umachiza msanga. Munthu amene ali ndi chinzonono, ndipo ambiri, makamaka amayi, amakhala nacho osadziwa, mkodzo wake umatha kunyamula tizilombo ta matendawo. Tizilombo ta chinzonono n'tosiyana ndi tina tambiri chifukwa timatha kuboola galasi la diso ngakhale lili labwinobwino lopanda bala. M'masiku awiri kapena atatu diso limatupa, mafinya amachita kuyenderera, galasi lija limachita chilonda n'kubooka. Likapola pamatsala chipsera choyera pa mwanadiso, ndipo chimenecho ndi cha moyo wonse.

Pa mzere wa chipatala china kuno ndinaona kamtsikana ka zaka zosaposa zinayi kali pamiyendo pa agogo ake. Diso lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka, mafinya achikasu akutsikira patsaya, ndipo agogowo ankangoingitsa ntchentche ndi buku la kusikelo. Anandiuza kuti mwanayo anabwezedwa kusukulu, mayi ake anali atakwera kale basi kukagulitsa usipa ku Lilongwe, ndipo iwo anathira zimene oyandikana nawo anawauza. Sanachite mwankhanza. Anasiyiridwa mwana wodwala, alibe ndalama yokwerera kabaza, ndipo panalibe amene anawauza kuti kungosukusula ndi madzi oyera kukanakwanira. Uthenga umene mwanayo anabwera nawo kuchokera kusukulu unali woti asabwerenso mpaka diso liyere. Mawu oterowo kwa kholo lotanganidwa amamveka ngati akuti yeretsani disolo msanga, mwa njira iliyonse.

Apa m'pamene lamulo lobweza mwana limaperewera. Mlezi amene waona diso lofiira ndiye munthu woyamba kukumana ndi matendawa, dokotala asanawaone. Akanati pobweza mwanayo anenenso kuti musathiremo kanthu, nsalu yake ikhale yakeyake, madzi osamba m'manja muzithirirana ndi kapu ndipo sopo asasowe, maso ambiri akanapulumuka. Alangizi a zaumoyo amayenda m'midzi yomweyi kupereka katemera ndi kuyeza ana sikelo. Kukhala pansi ndi alezi ndi makomiti a makolo sikufuna galimoto kapena ndalama za misonkhano.

Mankhwala ogula pagolosale nawonso samalani nawo. Tetracycline wopaka m'maso amapha mabakiteriya, vairasi sam'khudza, ndipo kachubu kamodzi kakazungulira nyumba yonse kamasanduka konyamulira matenda. Madontho okhala ndi steroid amachotsadi kufiira msanga, koma amatha kukulitsa chilonda cha m'diso ngati chilipo.

Si diso lofiira lililonse lomwe ndi la mliri uja. Mwana amene watentha thupi, akutsokomola, ali ndi chimfine, maso afiira, kenako zidzolo n'kuyambira kumaso, ameneyo akhoza kukhala ndi chikuku, chimene chimafalikira mumpweya ndipo chimapha. Khanda losakwana mwezi likatuluka mafinya m'maso, kapena mwana aliyense akamamva kupweteka kwambiri, akamalephera kutsegula diso, akamanena kuti sakuona bwino, nkhani ya kudikira palibe. Chipatala chachikulu cha boma la Nkhotakota ndi cha mishoni cha St Anne's zonse zili pa boma pomwepa, ndipo tsiku limenelo mayi usipa ausiyire mnzawo kudoko.